Phazi la Che Swaleh

Che Swaleh ndinawadziwira pageti. Munali mu 2018, tonse tili alonda a kampani imodzi muno mu Doha, ndipo anatiika pachinyumba china cha masitolo ku Bin Mahmoud, chokhala ndi sinema pamwamba. Ine ndine Wickson, kwathu ndi ku Linthipe ku Dedza. Iwo kwawo ndi ku Namwera ku Mangochi, ndipo amandiposa ndi zaka khumi. Ndikulemba za iwo chifukwa mwa anthu onse amene ndagwira nawo ntchito palibe wowongoka mtima ngati iwo, komanso chifukwa ndinawachita chipongwe chimene mpaka lero ndikachikumbukira ndimafuna kubisa nkhope m'malaya.

Ukawaona ataima sungadziwe kanthu. Koma akangoyamba kuyenda, phazi lakumanzere limaloza kunja ngati lili ndi ulendo wakewake. Analipeza ali pa kabaza ku Mangochi: galimoto ya nsomba inawakankhira m'ngalande, mwendo n'kuthyoka, fupa n'kulumikizana mokhota. Asanayambe kabazayo ankathandiza bambo awo, a Mwalimu Hassan, kuphunzitsa ana kumadrasa, ndipo za madrasazo sizinawachoke. Asilamu a ku Malawi kuno, madalaivala, alonda, a m'mahotela, akamva za maliro kumudzi ankasonkhana m'chipinda cha Dauda, dalaivala wina wa ku Al Khulaifat, n'kuitana Che Swaleh kuti adzawerenge dua, pemphero lawo lija. Ankawatcha Shehe. Iwo ankakana, amvekere, "Shehe ndi bambo anga, ine ndine gadi."

M'chinyumba chathucho, pansi penipeni pa masitepe otsika kusinema, munali sitolo ya bwana Yusufu, mkulu wina wadazi wa ku Sudan. Ankagulitsa katundu wa ngwazi za m'mafilimu, zija zouluka, zonyamula basi ndi dzanja limodzi, zobisa nkhope. Zidole, matisheti, makapu, zikwama za ana a sukulu, masokosi, ngakhale miswachi, chilichonse chinali ndi nkhope ya ngwazi. Kumbuyo kwenikweni kunali shelefu imodzi ya timabuku ta zithunzi, makomiki, momwe ngwazi zonsezo zinabadwira. Kumeneko kunkafika anthu owerengeka, azibambo a magalasi awiri kapena atatu pa sabata. Koma filimu yatsopano ikatuluka, ana ankatsika masitepe ngati mbuzi zotsekuliridwa khola, molunjika m'sitolomo, makolo akukokedwa pambuyo. Ife alonda tinkadana nalo tsiku lotero chifukwa pofika madzulo mawu ankakhala atatha ndi kukuwa.

Kenaka kunabwera Covid. Mu Malichi 2020 sinema inatsekedwa, masitolo anatsekedwa, koma mlonda satsekedwa. Tinkalondera chinyumba chopanda munthu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kumangomva nsapato zako zokha. Bwana Yusufu anasiyira Che Swaleh makiyi kuti azisuzumira m'sitolo, poti kudenga kunkadontha madzi a makina oziziritsa mpweya. Ntchito yawo inali kutaya madzi a m'ndowa. Tsiku lina anatola kabuku kamodzi kuti akapukute chinyontho, ndipo kupukutako kunatenga maola awiri. Ankawerenga ndi chala, milomo ikugwedera, mmene amawerengera kitabu, buku la kumadrasa. Pofika mu Juni anali atamaliza shelefu yonse, Chingelezi chawo chitanona.

Ine ndinkawaseka pa nthawi ya nkhomaliro.

"Koma Che Swaleh, ndi ndevu zanuzo, ma-cartoon a ana?"

"Iwe Wickson, ana amagula makapu. Izi amawerenga ndi akuluakulu," iwo ankatero, osakweza mutu. Tsiku lina anatseka kabuku n'kundilozera kutsogolo kwa sitolo kumene zidole zinali mumdima. "Timabukuti tili ngati nkhalamba ya pamudzi. Ndi imene inabereka onsewa, mafilimu, zidole, matisheti. Koma lero payokha singadzidyetse, imadya kwa zidzukulu. Filimu ikapanda kutuluka ma-customer sabwera, makapu sagulidwa. Makapu akapanda kugulidwa wojambula kabukuka agona ndi njala, ndipo shelefu iyi mudir aichotsa."

Mudir ndiye bwana, m'chinenero cha eni dziko. Ine za nkhalamba ndi zidzukuluzo zinalowera khutu ili n'kutulukira linali, chifukwa maso anga anali pa mpunga wawo.

Ngwazi imene ankaikonda kwambiri inali ya mamba thupi lonse, imene ikaona zipolopolo imadzipinda ngati mpira. Dzina lake lachizungu limandiluma lilime, ife tinkangoti Chingaka. M'timabukumo Chingakacho masana chinali munthu wamba wokonza mapaipi, ndipo ngakhale mayi ake omubereka sankadziwa kuti mwana wawo ndi amene amavala mambawo. Atandifotokozera zimenezi ine ndinaseka chikhakhali.

"Azunguwa achedwa," ndinatero. "Kwathu ku Dedza zimenezi n'zakalekale."

Ine ndine mwana wa gule, ndinalowa ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Za kudambwe sindinena pano, ndipo iwonso sindinawauze. Ndinangowauza chimene aliyense kwathu amadziwa, kuti chirombo chikatuluka pabwalo sichitchulidwa dzina la munthu. Ngakhale uone chipsera chonga ukuchidziwa, ngakhale kayendedwe kakukumbutse winawake, umatseka pakamwa, ndipo wotchula mlandu wake ndi waukulu. Ndinanena izi monyada, ndikudziguguda pachifuwa ngati lamulolo ndinalipanga ndine. Kwa Msilamu wa ku Namwera chigoba cha gule ndi chinthu chosafunika ngakhale kuchikhudza, koma Che Swaleh anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Za kwanuzo ine ayi," anatero akumwetulira, "koma lamulo limenelo ndi labwino."

Chaka chomwecho chisanathe, malamulo a ntchito anasintha. Kale kuti uchoke kwa bwana wina kupita kwa wina unkafunika kalata ya chilolezo yochokera kwa bwana wakoyo, ndipo ambiri ankakalamba akuidikira. Tsopano anati kalatayo yatha ntchito, munthu angopereka notisi. Bwana Yusufu, ataona kuti pali munthu wodziwa kabuku kalikonse pashelefu yake kuposa iye mwini, anawaitana. Che Swaleh anapereka notisi, anavula yunifolomu, analowa m'sitolo atavala malaya oyera. Inenso ndinayesa mwayi kuhotela ina, koma anandiuza kuti alendo kulibe, asiya kulemba anthu. Ndinatsala paulonda, ndipo anandisamutsira kugeti lina ku Abu Hamour, padzuwa, kamfuti koyezera kutentha kwa thupi kali m'manja. Pakamwa ndinawafunira mafuno abwino. Mumtima munali nsanje, ndisaname.

Che Swaleh anatumiza kumudzi uthenga woti tsopano akugulitsa mabuku. Sananame. Koma mwalimu wa zaka makumi asanu ndi atatu akamva kuti mwana wake akugulitsa mabuku kudziko la Aluya, angaganize mabuku ati? A Mwalimu Hassan analengeza kumzikiti kuti Swaleh wabwerera ku ntchito ya makolo ake. Che Swaleh anamva zimenezi kwa mlongo wawo Fauziya, amene amasunga foni pakhomopo, ndipo anati adzawongola nkhaniyo mawa. Mawa lakelo silinafike.

Chimene ine sindinkadziwa n'chakuti sitoloyo inali kufa. Filimu yaikulu ya Chingaka, imene bwana Yusufu anali ataitanitsira katundu wambirimbiri, inkangosunthidwa: mwezi uno, ayi mwezi wamawa, ayi chaka chamawa. Sinema inatsegulidwa, koma inkaonetsa zakale kwa anthu asanu otalikirana. Makatoni anafika kudenga. Sitolo ikanatsekedwa, Che Swaleh akanakhala munthu wopanda bwana m'dziko la eni, ulonda atausiya kale, kumudzi kuli nkhalamba yodikira mankhwala. M'katoni imodzi munali chovala chathunthu cha Chingaka, mamba a labala ndi chigoba chake, chimene chinabwera kuti chidzavalidwe tsiku lotsegulira filimu. Bwana Yusufu anachiyesa yekha, mimba inakana. Che Swaleh anachiyang'ana masiku atatu, lachinayi anachivala. Kuyambira pamenepo, Lachisanu ndi Loweruka masana Chingaka chinkaima pakhomo pa sitolo, ana n'kumakoka makolo awo, makapu n'kuyambanso kuyenda. Sanauze munthu aliyense. Bongololo sadzolera mafuta pagulu.

Loweruka lina mu Disembala mlonda wina anadwala, ndipo anandibweza tsiku limodzi kugeti langa lakale. Cha m'ma thili koloko ndinamva phokoso la ana mkati. Nditasuzumira ndinaona Chingaka chenicheni, chachitali, mamba akunyezimira, chikukweza nkhonya m'mwamba ana akukuwa. Kenaka chinayenda masitepe anayi kukapereka moni kwa mwana amene anali pakanjinga kokankha. Phazi lakumanzere linaloza kunja.

Ndimafuna nditanena kuti chala chinaterereka. Sichinaterereke. Ndinatulutsa foni, ndinajambula kavidiyo, ndinayandikitsa paphazipo kuti pasakhale wokayika. Ndinatsegula gulupu yathu ya pafoni ya Amalawi a ku Doha, ya anthu oposa zana, ndi kulemba kuti: "Gule wafika ku Qatar. Onani phazilo. Moni Shehe Swaleh!" Ndinawerenganso, ndinakonza chilembo chimodzi chimene chinalakwika, ndinawonjezera tinkhope toseka titatu, kenaka ndinatumiza. Ine mwana wa gule, wodziguguda pachifuwa uja. Ndinkati ndikucheza, koma munthu amadziwa kumene nthabwala zake zachokera, ndipo zangazo zinachokera padzuwa la ku Abu Hamour.

Foni inayamba kunjenjemera m'thumba. Ena ankaseka, ena ankafunsa ngati n'zoona. Patapita ola Dauda anaimba.

"Wickson, wapanga chiyani iwe? Dilita, khalas, basi, dilita pompano! Anthu ayamba kale ku-forwarda kumudzi!"

Ndinafufuta. Koma madzi akatayika sawoleka. Pofika mawa lake kavidiyoko kanali katafika ku Namwera, ndi mawu anga omwe. Kumeneko palibe amene ankadziwa Chingaka, palibe anaonapo filimu yake kapena kapu yake. Anaona chigoba, anawerenga mawu oti gule, anawerenga dzina la mwana wa mwalimu.

Che Swaleh sanandiimbire. Sanalembe kanthu pagulupu. Lachisanu sanaoneke kwa Dauda. Ine ndinkadikira kuti anditukwane kuti mtima ukhale pansi, koma kunali zii. Tsiku langa lopuma litafika ndinakwera sitima kupita ku Bin Mahmoud. Ndinawapeza kumbuyo kwa sitolo akulongosola timabuku.

"Fikani, a Wickson," anatero.

Zaka zonsezo ankandiitana kuti iwe, ngati mng'ono wawo. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa mbama. Ndinayamba kupepesa, mawu akugundana pakamwa, koma iwo anakweza dzanja, natulutsa foni, naiika pashelefu. Munali uthenga wa mawu wochokera kwa bambo awo. Anali m'Chiyao, choncho Che Swaleh ankaimitsa n'kumanditanthauzira pang'onopang'ono, maso ali patimabuku.

"Akuti, Swaleh mwananga, anthu abwera ndi foni kudzandionetsa chinyau, akuti ndi iwe. Akuti, kumzikiti akundiyang'ana cham'mbali, ena asiya kundipatsa dzanja. Akuti, ine ndawauza kuti mwana wanga amagulitsa mabuku. Akuti, tandiuza wekha, ndikhulupirira mawu ako."

Kumapeto kwa uthengawo kunali chifuwa chachitali, chouma. Chimenecho sichinafune wotanthauzira.

"Tsiku loyamba nditavala," anatero Che Swaleh, "ndinayenda pagalasi apo, ndinaona phazili. Ndinadziwa kuti Mmalawi wondidziwa bwino akadzandiona adzandizindikira. Ndinawerenga m'mutu amene angabwere ku mall kuno. Nditafika pa inu mtima unakhala pansi. Ndinati, Wickson yekha ndiye sangatchule, anandiuza yekha lamulo la kwawo."

Ndikanakonda pansi pakanang'ambika. Ndinaima pamenepo ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mumphika, ndipo nzeru imene inandibwerera inali ya munthu wamanyazi, yothamanga, yofuna kungochotsa moto pamutu pake.

"Che Swaleh, chovalacho ndivale ine. Msinkhu wathu ndi umodzi. Inu muime pambali panga, malaya oyera, buku m'manja, mudir atijambule. Mutumize kumudzi. Ine pagulupu ndilemba kuti ndinanama, inali joke."

"Ndiye kuti tiwanamize."

"Tingowaziziritsa mtima. Akudwala, simukumva chifuwacho? Akachira mudzawafotokozera bwinobwino, za filimu, za makapu, zonse."

Anasisita chikuto cha kabuku ndi chala chachikulu. Kenaka anati, "Bwerani Loweruka."

Ndinasinthana tsiku lopuma ndi mnzanga n'kupita. Bwana Yusufu sanafunse zambiri. Anangoti mafi mushkila, kutanthauza kuti palibe vuto, koma anandichenjeza kuti Chingaka sichilankhula, ngakhale mwana akuponde. Ndinafuna kumuuza kuti zimenezo sangandiphunzitse ndi iye, koma ndinakumbukira kuti ndine yani tsopano, ndinameza mawu.

Che Swaleh anandiveka m'kachipinda ka makatoni. Mkati mwa chovalacho munali fungo la thukuta la munthu wina ndi sopo wotchipa. Pabondo lakumanzere ndinamva chinthu chofewa: Che Swaleh anali atasokereramo kasiponji kuti labala asamakhule pafupa lokhota lija. Pakona, pamwamba pa katoni ya makapu, panali mkeka wawo wopempherera, wopindidwa bwino, ndi botolo la madzi. Ndiye kuti nthawi ya swala ikakwana ankavula zonsezi, n'kusamba, n'kupemphera pakati pa makatoni, n'kuvalanso. Ndinaona zimenezi chigoba chisanatsike kumaso kwanga, ndipo ndinathokoza kuti chatsika.

Kunja unkaonera pa kaukonde ka pakamwa pa chigobacho. Pansi pake unavalanso masiki ya Covid, ndiye mpweya unkaupempha. Thukuta linkalowa m'maso, dzanja lopukutira palibe chifukwa zala zinali zikhadabo za labala. Ana ankamenya mamba ndi nkhonya kuti aone ngati ndi achitsulo. Bambo wina ankandikuwira kuti yalla, yalla, kutanthauza kuti fulumira, ndidzipinde ngati mpira mwana wake aone. Koma ndinaonanso ana akutuluka m'sitolo atakumbatira zidole, ndipo mayi wina, podikira mwana wake, anafika mpaka kumbuyo natola kabuku. Ine ndinatha mphindi makumi anayi, mutu n'kuyamba kuzungulira. Che Swaleh ankaima maola anayi, kawiri pa sabata, ndi mwendo umenewo.

Chithunzi chinatuluka bwino, bwino mopitirira. Chingaka mapazi ali chilili, pambali pake Che Swaleh m'malaya oyera, chipewa chachisilamu kumutu, buku lalikulu lachikuto chakuda m'manja, moti uli kutali sungadziwe kuti mkati mwake muli zithunzi. Bukulo ndinasankha ndine.

Che Swaleh anandiuza kuti ndisalembe kanthu pagulupu mpaka atandiuza. Chithunzicho anakhala nacho masiku asanu ndi anayi osatumiza. Ndikudziwa kuti kawiri konse anajambula mawu owauza bambo awo zoona, n'kufufuta. Kenaka Fauziya anaimba kuti nkhalamba yasiya kudya, ikungofunsa ngati Swaleh wayankha. Tsiku limenelo Che Swaleh anatumiza, nandilembera liwu limodzi: "Lembani."

Ndinalemba kuti ndinanama, kuti m'chovalamo munali munthu wa dziko lina, kuti phazilo linali kuyenda kwa chovala chabe, ndipo ndinaikapo chithunzicho. Anthu ananditukwana mpaka agogo anga. Ena anati ndichotsedwe pagulupu. Ine ndinkawerenga matukwanowo mosangalala, ngati munthu womwa mankhwala owawa amene akudziwa kuti amuchiritsa. Ku Namwera nako zinayenda. A Mwalimu Hassan anatuma Fauziya kuyenda ndi foni khomo ndi khomo. Amene anawamana dzanja anabwera kudzapepesa. Nkhalamba inadya phala. Kwa Dauda anayambanso kufunsa kuti Shehe abwera liti. Ndinadziuza kuti mlandu watha, ndaukonza ndekha, ndipo ndinayambanso kuyenda mutu uli m'mwamba.

Mu Januwale matenda aja anakolera kwambiri kumudzi. Sabata iliyonse pagulupu pankabwera uthenga wa maliro. A Mwalimu Hassan anamwalira Lachiwiri m'mawa, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa mwambo wawo. Za ulendo panalibe n'komwe. Che Swaleh anaona manda a bambo awo pafoni.

Lachisanu masana anthu ochepa anasonkhana kwa Dauda, atavala masiki, mazenera ali otsekula. Ine sindine Msilamu, ndinakhala panja pa masitepe, koma chitseko chinali pululu ndipo ndinkaona zonse. Malo a kutsogolo anawasiya opanda munthu. Che Swaleh atalowa anakhala kumbuyo, pafupi ndi nsapato. Anthu anadikira, anayang'anana.

"Shehe, tiyeni," anatero Dauda.

"Werengani inu, Che Dauda."

"Ndi bambo anu, Shehe. Ndani angawerenge inu mulipo?"

"Werengani inu," anabwereza, ndipo sanasunthe.

Dauda anawerenga, akukakamira apa ndi apo. Anthu ankaganiza kuti ndi chisoni chimene chawalepheretsa Che Swaleh kuwerenga. Atatha onse kupepesa n'kumabalalika, Che Swaleh anatuluka, anatsika masitepe awiri, nakhala pambali panga. Anatulutsa foni. Ndinadziwa kuti akufuna kunditanthauziranso.

Mawu a bambo awo anali otsika, opuma pakati, ojambulidwa kutatsala masiku anayi kuti amwalire.

"Akuti, mwananga, chithunzi ndinachiona. Akuti, anthu ndinawauza kuti ndikukukhulupirira, koma mumtima ndinakukayikira. Akuti, phazi lija ndinaliyang'ana kangapo, ndinaliona ngati lako." Apa Che Swaleh anaimitsa, anakonza masiki yawo, anapitiriza. "Akuti, ndinachimwa kuganizira mwana wanga zoipa iye ali pantchito yabwino. Akuti, sindifuna kupita nalo tchimo limeneli. Akuti, undikhululukire."

Pansi pa masitepe wina ankaliza galimoto. Ndinafunsa funso lopusa.

"Ndiye munayankha chiyani?"

"Ndinati ndakhululuka, bambo. Ndikanati chiyani?"

Anaika foni m'thumba. Sanandiyang'ane mwaukali, ndipo mwina zikanakhala bwino akanatero.

"Zoyamba zija ndinakukhululukira kale, Wickson. Unanena zoona iwe, phazi linali langa. Ndikanalimba mtima ndikanawauza, akanakwiya sabata imodzi kapena ziwiri, mwina akanamvetsa kuti mankhwala awo ankachokera m'mamba amenewo. Koma zachiwirizi, nkhalamba yafa ikupepesa kwa wabodza. Sindikudziwa kuti ndikapepese kwa ndani."

Ndinati bodzalo linali langa, nzeru inali yanga, ngakhale buku ndinasankha ndine. Iwo anapukusa mutu nati chala chotumiza chinali chawo. Tinakhala pamenepo tikulimbirana tchimo ngati ana olimbirana chimanga chootcha, mpaka Dauda anatuluka kudzatseka chitseko.

Filimu ya Chingaka inatuluka patapita miyezi yambiri. Ana anatsikanso masitepe, makatoni anatha, ndipo bwana Yusufu anawonjezera shelefu yachiwiri ya timabuku, nawapatsa Che Swaleh kuti aziitanitsa okha. Nkhalamba ija ya kumbuyo kwa sitolo inadyanso kwa zidzukulu zake, monga ananenera. Bwana Yusufu anafuna kupeza munthu wina woti azivala chovalacho, koma Che Swaleh anati asavutike, kasiponji anasokera kale pabondo lawo. Amasala, amapemphera, amapita kumaliro alionse, koma amakhala pafupi ndi nsapato. Anthu anatopa kuwafunsa, ndipo dzina la Shehe linafota lokha. Ine amandiitananso kuti iwe, amandisungira mpunga ndikapita. Kukoma mtima kumeneko ndi kumene kumandilemera.

Chaka chatha anandibwezeranso kugeti la ku Bin Mahmoud, ndipo anandipatsa mlonda watsopano, Grayson wa ku Ntcheu, bambo wa ana atatu amene anali asanathe mwezi muno. Loweruka masana phokoso la ana litayamba, iye anasuzumira mkati naseka.

"Koma abale, ntchito zinazi! Kutentha konseku? Kodi mkatimo muli ndani, achimwene?"

Chingaka chinali chikuyenda kupita kwa mwana wina, phazi lakumanzere likuloza kunja. Ndinati sindikudziwa, ndipo ndinamuuza kuti ayang'ane kugeti, kukubwera anthu.